Gule tikuvina ndife, nanga phindu likupita kwa yani?

Pa 25 September 2020, bambo wina wa ku Idaho Falls m'dziko la America, dzina lake Nathan Apodaca, galimoto idamufera panjira akupita kuntchito. Ntchito yake inali ngati yathuyi, m'shedi yosungiramo mbatata ya kachewere. Adakwera kathabwa ka matayala kaja, botolo la juwisi wa Ocean Spray lili m'manja, nyimbo yakale ya 1977 ya gulu la Fleetwood Mac ikulira, n'kudzijambula pafoni. Kavidiyoko sikadakwane ndi mphindi imodzi yomwe. Atakaika pa TikTok, anthu mamiliyoni adakaonera ndipo ambiri adayamba kumutsanzira, aliyense ndi botolo lakelake. Botolo logula, eti.

Kampani ya Ocean Spray, yomwe eni ake ndi mabanja a alimi pafupifupi 700, sidalipire kalikonse kuti zimenezi ziyambe. Idadikira masiku angapo, kenaka n'kumupatsa Apodaca galimoto yatsopano yofiira, kumbuyo itadzaza mabotolo. Naye mkulu wa kampaniyo pa nthawiyo, Tom Hayes, adakwera kathabwa n'kudzijambula. Mphatso inali yabwino ndithu, sitikana. Koma mtengo wa galimoto imodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe akadalipira pa wailesi ya kanema kuti dzina lawo limveke dziko lonse chonchija.

Apa ndi pomwe makampani onse adatsegukira maso. Munthu akaona uthenga wamalonda pafoni amangokankha ndi chala, wadutsa. Koma akaona munthu wamba wooneka ngati iye, amaima kaye. Ndiye TikTok, Facebook Reels ndi YouTube Shorts amayeza nthawi yomwe mwaima pa kavidiyo. Mukaonera mpaka kumapeto, kapena kubwereza, makina awo amakatumiza kwa anthu enanso ambiri, ngakhale osamudziwa mwini wake. N'chifukwa chake makampani masiku ano ali ndi anyamata ndi atsikana omwe ntchito yawo n'kungoyang'ana gule kapena nthabwala yomwe yatchuka sabata ino, n'kulowetsamo katundu wawo isanazizire. Ena amatumiza katundu waulere kwa achinyamata omwe ali ndi owatsatira ambiri. Ena amalipira ndithu.

M'nyumba mwathu zimenezi zidalowa kale kudzera mwa ana. Ambiri tikukumbukira chakumwa cha Prime, cha anyamata awiri otchuka pa intaneti, Logan Paul ndi KSI. Chitafika m'masitolo a Checkers mu May 2023 pa mtengo wa R39.99, anthu adakhala pamzere, ana akukoka makolo awo. Chaka chimenecho malipiro otsikitsitsa anali R25.42 pa ola. Botolo limodzi, ola ndi theka uli chiweramire m'mizere ya mpesa. Mwana amene ankalirira botololo sankadziwa n'kukoma kwake komwe, adangoliona pafoni. Bungwe la Advertising Regulatory Board kuno ku South Africa limati munthu wolipidwa kuti atamande katundu aziika chizindikiro monga #ad kapena #sponsored. Aonetseni ana chizindikirocho, ndipo adziwe kuti si onse amachiika.

Koma nkhani yomwe ikutikhudza kwambiri ife a m'mafamu ndi ina. Sikuti ndife ogula chabe. Tayamba kukhala nkhope za malonda a eni ake.

Taonani za Jerusalema, nyimbo ya Master KG ndi Nomcebo Zikode. Gule wake adamuyambitsa ndi achinyamata a ku Angola kumayambiriro kwa 2020, akuvina mbale za chakudya zili m'manja. Pofika September, Pulezidenti Cyril Ramaphosa adapempha dziko lonse kuti livine pa tsiku la Heritage. Ndiye makampani adalowapo: ogwira ntchito m'zipatala, m'masitolo, m'makampani a ndege, onse atavala yunifolomu, dzina la kampani likuoneka bwinobwino pachifuwa. Kumayambiriro kwa 2021, kampani ya Warner Music idatumiza makalata ku mabungwe a ku Germany omwe adagwiritsa ntchito nyimboyo, kuti alipire. Iwo adaona kuti kumeneku kunali kutsatsa, osati kusewera. Mu July chaka chomwecho Nomcebo, mwini mawu, adalengeza poyera kuti anali asanalandire ndalama ya nyimboyo. Tsono ngati woimba ankadandaula chonchi, wovina wa ovololo adapeza chiyani? Nyimbo ili ndi mwini woti n'kulipiritsa. Miyendo ndi nkhope za wantchito zimangotengedwa ngati za ulere.

Mafamu a mphesa, vinyo ndi malalanje ali ndi chifukwa chawochawo chofunira tividiyo totere. Katundu wawo wambiri amapita ku Ulaya, ndipo ogula a kumeneko amafunsa za moyo wa wantchito. Mu 2016 filimu ya Bitter Grapes, yojambulidwa ndi mtolankhani wa ku Denmark Tom Heinemann, idaonetsa nyumba zomwe anthu amagonamo ndi mankhwala omwe amapopera opanda zodzitetezera m'mafamu ena a vinyo. Masitolo ena a ku Denmark adachotsa vinyo wa kuno m'mashelefu. Kuyambira pamenepo, kavidiyo ka amayi akuseka ndi kuvina m'shedi yopakira zipatso ndi katundu wamtengo wapatali kwa mwini famu. Kamayankha mafunso a ogula popanda iye kutsegula pakamwa.

Sitikunena kuti kuvina n'kulakwa, ayi. Ife ndi anthu a gule, ndipo mafamu ena amasamaladi antchito awo, ali ndi ufulu woonetsa zimenezo. Vuto ndi momwe zimachitikira. M'misonkhano yathu timamva nkhani yofanana: kapitawo amangobwera n'kunena kuti nthawi ya nkhomaliro aliyense avale ovololo yochapa, kubwera ojambula. Palibe wofunsidwa. Wa ganyu ya nyengo, amene akuyembekeza kuti adzaitanidwenso chaka chamawa, angakane bwanji? Amavina, koma mumtima akuwerenga mabokosi omwe akadapakira.

Kwa ife obwera pali chinanso. Kavidiyo kakaikidwa pa tsamba la kampani kamatchula dzina la famu ndi dera lake. Amene pasipoti yake idatha masiku, kapena pemiti ikudikiridwabe, nkhope yake ili poyera, ndipo tonse tikudziwa mawu omwe amalembedwa pansi pa tividiyo anthu akangomva kalankhulidwe kachilendo. Alipo amayi omwe adathawa nkhanza za m'banja ndipo safuna kuti adziwike komwe ali. Kavidiyo kamafika ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Chegutu tsiku lomwelo, ndipo kakayamba kuyenda pa WhatsApp palibe angakabweze.

Lamulo lilipo. POPIA, lomwe lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limatenga chithunzi chomwe munthu angazindikirike nacho ngati zachinsinsi za munthuyo. Limati chilolezo chizikhala chochokera pansi pa mtima, munthu atauzidwa bwino zomwe chithunzicho chikagwire, ndipo angathe kuchibweza. Kwa mwana wamng'ono, wovomera ndi kholo kapena womulera. Madandaulo amapita ku Information Regulator. Ndipo wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo angathe kupita ku CCMA, ngakhale mapepala ake ali ndi vuto. Khoti la zantchito lidagamula zimenezi mu 2008. Koma samalani, mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse. Anthu achotsedwapo ntchito chifukwa cha zomwe adalemba pa Facebook zonyoza abwana, CCMA n'kuvomereza. Mukajambula madzi oipa kapena chimbudzi chogumuka, musathamangire kuika pa TikTok. Bweretsani kaye ku komiti, tisunge ngati umboni.

Nyengo yokolola ino tikupempha makomiti a m'mafamu kuti nkhaniyi ilowe pa zokambirana ndi mabwana, pambali pa za nyumba ndi thiransipoti. Pepala lachilolezo liwerengedwe m'chilankhulo chomwe munthu akumva, osati kungolozeredwa posaina. Linene komwe kavidiyo kakaikidwe ndi kutalika kwa nthawi yake. Wokana asalembedwe dzina. Nthawi yoyeserera gule ndi yojambula iwerengedwe ngati maola a ntchito, ndipo kwa olipidwa pa bokosi pakhale ndalama yolowa m'malo mwa mabokosi otayikawo. Kavidiyo kakakhala kotsatsa vinyo kapena zipatso kwa ogula, ovinawo alandire yapadera, yolembedwa pa peyisilipi. Ana a m'makomboni a pafamu asajambulidwe kholo palibe.