Wakhunyu asataye malo ake pamsika

Wamalonda akagwa khunyu pamsika ngati wa Chiringa, makasitomala ena amayamba kulambalala benchi yake, tomato n'kuwolera pomwepo. Uku n'kulanga munthu wosalakwa. Khunyu ndi vuto la mu ubongo, silipatsirana kudzera m'malovu kapena polandirana ndalama. Kafukufuku wa Dr Gretchen Birbeck pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wotuluka mu 2010, adapeza kuti ana ena opulumuka malungo a mu ubongo amadzadwala khunyu. Mankhwala akuchipatala, monga phenobarbital, amathandiza ambiri kusiya kugwa.

Choncho komiti ya msika isamuthamangitse, impatse malo otalikirana ndi chiwaya cha tchipisi ndi mbaula. Akagwa, anzake amugoneke chammbali, asamuike supuni mkamwa, ndipo amusungire katundu ndi ndalama mpaka atatsitsimuka.