ZA ALIMI: KULERA MWANA WA NG'OMBE NDI BOTOLO

Alimi anzanga, sabata ino tikambirana za mwana wa ng'ombe amene amace afa pobereka, kapena amkana. Ambiri timamuyesa wakufa kale. Koma kathole kameneka ndiko ng'ombe yolimira ya mawa, ndipo botolo likhoza kukapulumutsa.

Akulu anati m'mera m'poyamba. Cinthu cacikulu ndico mkaka woyamba uja wacikasu, umene ng'ombe imaturutsa ikangobereka. Mwana wa ng'ombe amabadwa wopanda citetezo ca matenda, ndipo amacilandira mu mkaka umenewu. Matumbo ace amacilandira bwino m'maola 6 oyamba. Pakapita maola 24 njira yatsekeka. Cotero ngati amace amoyo, akameni msanga mummwetse. Ngati afa, thamangirani kwa mnzanu amene ng'ombe yace yangobereka kumene. Musadikire kuti kuce.

Muyeso wace ndi uwu: pa tsiku mwana amwe lita imodzi pa makilo 10 alionse a thupi lace. Wa makilo 25 amwe malita awiri ndi theka, ogawidwa katatu: m'mawa, masana ndi madzulo. Mkaka ukhale wofunda monga wocokera m'bele. Dontheza pang'ono pa dzanja lanu, usawoce, usazizire.

Pommwetsa, mwanayo aimirire, khosi litatambasuka monga acitira poyamwa. Ng'ombe ili ndi zifu zinai, ndipo kuyamwa ndiko kumatsogolera mkaka ku cifu cacinai kumene umagayika. Bele la mpira likhale ndi kabowo kakang'ono. Ena amakulitsa bowo ndi mpeni kuti nchito ithe msanga. Mkaka umalowa m'mapapo, mwana nadwala cibayo. Musatsanulire mkaka m'kamwa mwa mwana wogona.

Musasungunule mkaka ndi madzi kuti ucuruke, ndiponso musampatse phala la ufa m'masabata oyamba, pakuti mimba yace siinakhwime. Tidziwa kuti mkaka womwewo ana a m'nyumba aufuna, koma kathole komanidwa kamafa, ndipo khola limatha.

Mdani wamkulu ndiye botolo lauve. Mkaka wotsalira umasasa, ndipo mwana amayamba kutsegula m'mimba. Tsukani botolo ndi bele lace ndi sopo ndi madzi otentha nthawi iliyonse akatha kumwa, muziyanike pa thandala. Mukaona ndowe zamadzi, maso olowa, kapena mwana akukana kumwa, itanani wa ofesi ya ziweto tsiku lomwelo.

Kuyambira sabata laciwiri muikireni madzi oyera ndi udzu wanthete. Agone pouma, popanda matope, ndipo mumcotse nkhupakupa. Akafika miyezi itatu, nadya bwino udzu ndi gaga, cepetsani mkaka pang'onopang'ono kufikira ataleka.

Nchito imeneyi ifuna munthu mmodzi wosaiwala nthawi. Msankheni lero m'banja mwanu, ndipo botolo ndi bele la mpira zikhale m'nyumba ng'ombe zisanayambe kubereka.