Msoti ndi khola la mawa

Ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ng'ombe ndi cuma. Ng'ombe zimakoka ngolo. Zimalima minda ya cimanga ndi ya mbatata ya kacewere. Zimapereka mkaka ndi ndowe za manyowa. Ng'ombezi zili ndi linunda ndi nyanga zazifupi. Dzina lake ndi ng'ombe za Angoni.

Koma ng'ombe imakalamba. Ikakalamba, imaleka kubereka. Nanga cimene cimalowa m'malo mwake n'ciyani? Ndi msoti. Msoti ndi ng'ombe yaikazi yaing'ono, imene sinaberekepo.

Pa nthawi ya nkhondo, anthu ambiri a ku Angónia anathawira ku Malawi, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ng'ombe zambiri zinabedwa, zina zinafa. Pangano la mtendere linasainidwa pa 4 Okutobala 1992. Anthu atabwerera kwawo, anapeza makola opanda kanthu. Amene anapeza msoti anayambanso kuweta. Msoti unakula, unabereka, ndipo khola linadzukanso.

Pali anthu amene amagula misoti kuti aigulitsenso. Amagula kwa munthu amene ali ndi ng'ombe zambiri. Amaiweta miyezi ingapo. Kenaka amaigulitsa kwa banja limene ng'ombe zake zakalamba.

Ena amadandaula kuti amalondawa amakweza mtengo. N'zoona, mtengo umakwera. Koma wamalonda wayenda ulendo wautali. Wadyetsa msoti ndi kuumwetsa madzi. Wauthira mankhwala a nkhupakupa. Phindu lake silolakwika. Nchito imeneyi ndi yabwino, cifukwa imafikitsa msoti ku khola limene likuufuna.

Colakwika ndi bodza. Kugulitsa ng'ombe yodwala n'kulakwa. Kugulitsa ng'ombe yakuba n'kulakwa. Kunena kuti ng'ombe yokalamba ndi msoti n'kulakwanso. Banja lagulitsa mbatata ndi nyemba za caka conse kuti lipeze ndalamazo. Likanamizidwa, ana amasowa mkaka ndipo munda umacedwa kulimidwa.

N'cifukwa cake wogula wanzeru sathamanga. Amayang'ana mano a msoti. Mano awiri akuluakulu a kutsogolo amamera ng'ombe ikakhala ndi zaka pafupifupi 2. Mano operepeseka ndi a ng'ombe yokalamba. Amayang'ananso maso, mphuno ndi m'makutu, mmene nkhupakupa zimabisala. Amaona ngati msoti ukuyenda bwino ndi kudya bwino. Amafunsa kumene wacokera, pamaso pa anyakwawa ndi mboni. Amaitananso mlangizi wa ziweto. Msoti ukafika pakhomo, amausunga pawokha masiku angapo usanalowe m'khola la zinzake.

Mwini khola nayenso asamale. Njala ikavuta, n'kwabwino kugulitsa ng'ombe yokalamba kapena yamphongo. Msoti wotsiriza sagulitsa. Uli ngati cimanga ca mbewu: mlimi sacidya ngakhale nkhokwe itacepa. Msoti umayamba kubereka uli ndi zaka 3 kapena 4. Bere la ng'ombe ndi la miyezi 9. Kudikira kwake n'kwakutali, koma thole likabadwa, banja lonse limakondwa.

Ana nawonso ali ndi mbali yawo. Mwana akaona nkhupakupa pa msoti, auze bambo kapena mayi. Akaona kuti msoti sukudya, anene msanga. Asauponye miyala, asaumenye. Msoti umene mwana akusamala lero ndi umene udzamupatsa mkaka akadzafika kalasi yacinayi.