Dongo silinalakwe

Mu Lusaka muli bodza limene tauzana mpaka lazika mizu. Akuti dongo ndi lofooka, ndi la timiphika togulitsa kwa alendo ku Kabwata Cultural Village, ndipo wofuna kuimika cinthu cacitali agule simenti kapena apite kwa owochelera zitsulo. Ine ndikukana. Onani miphika ya maluwa imene imagulitsidwa m'mbali mwa Great East Road, kufupi ndi kwathu kuno ku Northmead. Yambiri ndi ya simenti yopakidwa penti wofiira kuti ioneke ngati dongo loocha. Maonekedwe a dongo timawafuna, nchito yake ndiye timaithawa.

Nchitoyo ndi yovuta ndithu. Coumba ca mamita atatu sicingalowe m'ng'anjo wamba, conco cimaumbidwa m'zigawo, ciliconse n'kuochedwa pacokha, kenako n'kuzitunga pa paipi yacitsulo yozikidwa mu konkire, monga mikanda pa ulusi. Nzeruyi si yacilendo. Constantin Brâncuși anatunga zigawo zacitsulo pa msana umodzi poimika Endless Column ku Târgu Jiu, ku Romania, mu 1938, cipilala ca mamita pafupifupi 30. Asilikali adongo a ku Xi'an, ku China, anaumbidwa miyendo payokha, thupi palokha, mutu pawokha, zaka zoposa 2,000 zapitazo. Anafukulidwa mu 1974, caka comwe ife tinaimika Freedom Statue pa Independence Avenue, ndipo aimirirabe.

Dongo limafota pouma, limafotanso pamoto, ndipo nthawi zambiri limataya gawo limodzi mwa magawo 10. Bowo limene munaboola la masentimita 5 lidzatuluka m'ng'anjo lili 4.5, paipi n'kukana kulowa. Zigawo ziwiri zikaumbidwa ndi dongo lonyowa mosiyana, milomo yake sidzakumana. Cigawo ca pansi cimasenza zinzake zonse, ndiye khoma lake liyenera kucindikala. Koma khoma locindikala limanyenga: kunja louma, mkati muli madzi, ndipo pamoto madziwo amasanduka nthunzi n'kuphulitsa nchito ya mwezi wathunthu. Mukapulumuka apo, pa madigiri 573 mcenga wa quartz umene uli m'dongo umatupa mwadzidzidzi. Moto ukakwera kapena kutsika mothamanga pamenepo, mudzamva kuti the! Basi, mng'alu.

Posanja napo pali milandu yake. Dongo loocha limapirira kulemera, koma silifuna kupindidwa. Milomo iwiri ikakhudzana pa kansonga kamodzi cabe, kulemera konse kumathera pamenepo, ndiye pakati pa zigawo pamafunika kalabala, ngakhale kodula ku chubu cakale ca tayala. Wina pofuna kulimbitsa amathira konkire mkati, osadziwa kuti paipi imatupa ndi dzuwa la October, ndipo ikacita dzimbiri imakankha konkireyo mpaka dongo kung'ambika. Madzi a mvula amafuna kabowo kotulukira pansi. Mphepo ya August imakankha kumutu, ndipo amene amalimbana nayo ndi msana wacitsulo uja ndi maziko ake.

Tsopano ndiuzeni, pa zonsezi n'citi cimene si masamu, si Physics, si Chemistry? Koma m'masukulu athu ambiri mwana amaumba kang'ombe, n'kukayanika pawindo, n'kukapaka penti, n'kulandira mamaki. Kang'ombeko sikaona moto. Mvula ikadontha padenga kamabwerera kukhala matope. M'kalasi loyandikana nalo mphunzitsi wa sayansi ali kujambula ndi coko mmene zinthu zimatupira zikatenthedwa, ana n'kumaloweza ngati vesi. Anzanga amene anaphunzira zaluso ku Evelyn Hone College amatumizidwa kumasukulu opanda ng'anjo, kenako timadabwa kuti phunziro lawo limatengedwa ngati nthawi yopumula.

Yankho limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti malaiti kulibe. Zoona, mu 2024 madzi atacepa ku Kariba tinali kukhala mumdima maola 20 ndi kuposa pa tsiku, ndipo ng'anjo yamagetsi ikazimira pakati, zimene zili mkati zikhoza kuonongeka. Koma dongo linayamba kuochedwa kalekale damu la Kariba lisanamangidwe. Ng'anjo ya njerwa yoyendera nkhuni kapena gasi siidikira malaiti.

Ndipo akatswiri tili nawo, kungoti sitiwacha akatswiri. Amayi oumba mbiya kum'mawa amasinja mapale akale n'kuwasakaniza m'dongo latsopano kuti lisafote kwambiri. Kunja zomwezo zimagulitsidwa m'matumba, akuti grog. Amayiwa amaumba mtsuko waukulu pang'onopang'ono, kudikira kuti pansi palimbe asanakweze khoma, n'kuuyanika pamthunzi masiku ambiri. Inde, moto wao wapabwalo sufika madigiri 1,200 amene amacititsa dongo kusamwa madzi. Koma kuumba cacikulu n'kuciumitsa osang'aluka, komwe ndi theka la vuto la coumba cacitali, kuli m'manja mwao. Sitiwaitana m'kalasi cifukwa alibe setifiketi, ife a madigiri a ku yunivesite amene sitinaochepo ngakhale kambale.

Pamene Lechwe Trust inakhazikitsidwa mu 1986, pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Henry Tayali panali Bente Lorenz, woumba dongo wa mu Lusaka momwe muno. Dongo linali ndi mpando pakati pa akuluakulu a zaluso. Tinalicotsapo ndife.

Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse. Madesiki akugulidwa, ndipo ndi bwino. Pa ndalama zomwezo pacoke za ng'anjo imodzi ya njerwa yoti masukulu oyandikana azibwerekana, ndi malipiro a mayi mmodzi woumba mbiya woti azibwera Lacisanu masana. Makiyi a ng'anjoyo asunge awiri, mphunzitsi wa zaluso ndi wa sayansi.