Mtsogoleli wabwino nayenso afunika womulonda

Nthawi ya masankho ikayandikila, mau amakhala amodzimodzi m'minibasi, pa msika ndi pa WhatsApp: “Tifuna cabe munthu wabwino, woopa Mulungu.” Timasankha munthuyo, timavina, kenako timapita kukagona zaka zisanu. Zinthu zikavuta, timayambanso kusakila wabwino wina. Ife tiona kuti funso lakuti “wabwino ndani?” litidyela nthawi. Funso lofunika kwambili ndi lakuti, akakhala pa mpando, adzamulonda ndani? Anthu a ku Greece, India ndi Europe analimbana nalo kalekale, ndipo mayankho awo angatithandize.

Tiyambile mumzinda wa Athens ku Greece, kumene kunacokela liu lakuti demokalase. Ca m'ma 508 B.C., Cleisthenes anasintha kayendetsedwe ka mzindawo. Panakhala khonsolo ya anthu 500 imene inali kukonza nkhani zokakambilana pa msonkhano wa nzika. Anthu 500 amenewa anali kusankhidwa mwa kucita maele, ndipo anali kukhalapo caka cimodzi cabe. Aristotle anafotokoza kuti Agiriki anali kuona maele monga njila ya demokalase, pamene masankho anali kuwaona kuti akomela olemela ndi ochuka. Koma mbali imene imatikhudza kwambili ndi iyi: aliyense wotsiliza udindo anali kufunika kufotokoza mmene anagwilila nchito ndi mmene anaseŵenzetsela ndalama za mzinda, ndipo nzika iliyonse inali ndi ufulu womudandaulila. Ngakhale Pericles, mtsogoleli wochuka kopambana, anamucotsa pa udindo ndi kumulipilitsa faindi mu 430 B.C., asanamusankhenso caka cotsatila.

Si onse anakondwela ndi ulamulilo wa anthu wamba. Khoti ya nzika za Athens itaweluza Socrates kuti aphedwe mu 399 B.C., wophunzila wake Plato anataya cikhulupililo mwa khamu. M'buku lake la Republic anakamba kuti dziko liyenela kulamulidwa ndi anthu anzelu ophunzitsidwa bwino. Limeneli ndi loto lathu lomwe lija la munthu wabwino. Plato anapita mpaka ku Syracuse kukayesa kuphunzitsa wolamulila wacinyamata, Dionysius waciwili, koma zinakanika. Atakalamba analemba buku lina, Laws, limene linaika mtima kwambili pa malamulo. Aristotle, amene anaphunzila kwa Plato, nayenso anaona kuti ndi bwino kuti lamulo lilamulile kusiyana ndi munthu mmodzi, cifukwa munthu amakwiya, amakondela ndiponso amasilila.

Ku India nkhani inabwela mwa njila ina. Kuli buku lakale la Arthashastra, limene mwambo umati linalembedwa ndi Kautilya, mlangizi wa Chandragupta amene anayambitsa ufumu wa Maurya ca m'ma 321 B.C. Bukuli linasowa kwa zaka mahandiledi, kufikila pamene R. Shamasastry wa ku Mysore analipeza, ndipo pambuyo pake analisindikiza mu 1909. Kautilya sanali munthu wa demokalase, anali kufuna mfumu yamphamvu. Ngakhale n'telo, sanakhulupilile kuti anchito a boma adzakhala oona mtima paokha. Anandandalika njila 40 zobela cuma ca boma, monga kulemba mocedwa ndalama imene yalowa kale, kapena kulemba kuti walipila zambili pamene wapeleka zocepa. Analangiza kuti mabuku a ndalama aziwunikidwa, anchito azisamutsidwa, ndipo woulula wakuba azipatsidwa mphoto. Pofooka pake ndi apa: onsewa alondedwa ndi mfumu, koma mfumuyo ilondedwa kwenikweni ndi kudziletsa kwake ndi mantha akuti anthu angaiukile.

Mpata umenewu ndi umene oganiza a ku Europe anayesa kutseka. Mu 1215, akuluakulu a ku England anakakamiza Mfumu John kuvomeleza cikalata ca Magna Carta, cimene cinaika malile pa mphamvu zake. Mu 1689, John Locke anatulutsa buku lokamba kuti boma limakhalapo mwa cilolezo ca anthu, ndipo likaphwanya cidalilo cawo, iwo ali ndi ufulu wolicotsa. Mu 1748, Montesquieu wa ku France anafotokoza kuti opanga malamulo, oyendetsa boma ndi oweluza asakhale m'dzanja limodzi. Tikamva za nyumba ya malamulo, nduna za boma ndi makhoti m'malamulo aakulu a Zambia, tidziwe kuti ganizo limeneli linadzela kumeneko.

Wina anganene kuti, “Izi n'za eni ake, ndipo eni akewo sanali oyela.” N'zoona. Ku Athens akazi, akapolo ndi alendo analibe liu. Locke, wolemba za ufulu, anaikapo ndalama mu kampani yogulitsa akapolo ocokela ku Africa. Sitifunika kuwagwadila. Koma mbili yawo yoipayo ikugwilizana ndi mfundo yathu: ngati anthu anzelu conco analephela kuona zoipa zimene zinali kuwapindulitsa, ndani wa ife angapatsidwe mphamvu popanda womuyang'ana? Makolo athu naonso anali kudziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndiye cifukwa mfumu siweluza mlandu popanda nduna zake.

Kuno kwathu tinaonapo kulonda kukugwila nchito. Mu 2001, pamene panali ganizo lakuti Frederick Chiluba aimenso kacitatu, machalichi, maloya, mabungwe ndi ophunzila anakana, ndipo malile a zigawo ziwili anakhalabe. Amene anakana aja sanayembekezele tsiku la masankho.

Zida zolondela tili nazo. Caka ciliconse Auditor General amatulutsa lipoti ya mmene ndalama za boma zinayendela, ndipo ipezeka pa intaneti. Mu 2022 ndalama ya CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo mapulojekiti ake amayambila m'makomiti a m'mawadi athu. Mu December 2023 lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku boma linasainidwa. Ndi angati a ife amene anatsegulapo lipoti ija, kapena kupezekapo pa miting'i ya wadi?

Conco kavoti kathu tikaponye, ndipo tisankhe munthu amene tiona kuti ndi wabwino. Koma mawa lake tipite kukafunsa kuti ndalama ya ngalande ya m'komboni mwathu inali zingati, ndani anapatsidwa kontilakiti, ndipo nchito idzatha liti. Tifunse ngakhale khansala wake ndi wa cipani cathu.