Zaka 5 pabotolo si chipongwe

Anzanga aphunzitsi, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndili ndi kamlandu. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa sayansi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, yemwe pano akugwira ntchito ku Glasgow, anabwera kudzaona makolo ndipo anandisiyira botolo la wisiki wa Ardbeg Wee Beastie. Loweruka madzulo ndinaitana mnzanga wophunzitsa Chingerezi kuti tilawe. Atangoona nambala 5 pabotolopo anaseka, amvekere, "Achimwene, mwanayu wakupeputsani. Mphatso ya ulemu imakhala ya zaka 12 kapena 18, osati khanda ngati ili." Mawuwa anandiwawa chifukwa ndikumudziwa mwanayo, si wachipongwe.

Tiyambe ndi nambalayo. Lamulo limati mowa sungatchedwe Scotch usanagone zaka 3 m'migolo ya mtengo wa oak ku Scotland komweko, ndipo nambala ya pabotolo ndi zaka za wisiki wamng'ono kwambiri amene ali m'menemo. Chaka chilichonse pafupifupi 2% ya mowa wa mumgolo imauluka, n'chifukwa chake wokhalitsa amadula. Kudulako ndi kumene mnzangayo akukuyesa ubwino.

Ardbeg ndi fakitale yotchezera mowa ya pachilumba cha Islay, inayamba mu 1815, ndipo Wee Beastie anatuluka mu 2020. Akati single malt ndiye kuti watchezedwa pafakitale imodzi, kuchokera ku chimera cha barele chokha. Kumeneko chimeracho amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo lopangidwa ndi zomera zimene zakhala zikuwolerana kwa zaka masauzande. Utsiwo umasiya mankhwala otchedwa phenols pachimera (a Fomu 4 akale, musandichititse manyazi, munawaphunzira). Tsono nkhani ili apa: mowa ukamakhalitsa mumgolo, ukali wa utsi umazilala ndipo kukoma kwa mtengo kumakula. Wofuna kumva utsi uli m'chimake ayenera kulawa wisiki wamng'ono. Mwanayo sanalakwitse. Anasankha dala.

Tinathira pang'ono m'matambula, opanda ayezi, opanda Coca-Cola. Fungo loyamba linandibwezera m'khitchini ya udzu ya agogo anga nthawi ya dzinja, nkhuni zonyowa zikufuka, kampango wowamba ali pamwamba pa moto. Pambuyo pake panabwera fungo la phula la mumsewu komanso kena kake kakuchipatala, ngati mankhwala otsukira bala. Mkamwa anafika mwaukali, 47.4% si masewera: tsabola, kamchere, kenako kutsekemera pang'ono ngati chokoleti chakuda. Nditadonthezamo madzi ochepa, ukali unagwa ndipo kutsekemera kuja kunaonekera bwino. Migolo yake ina munali bourbon, ina munali sherry, ndipo ndikuganiza kuti kutsekemerako kukuchokera kumeneko.

Pena pake mnzangayo akunena zoona, ndisabise. Ubwana ukumveka. Kukhosi amakanda, zokoma zake zimabwera mopikisana ngati ana otuluka m'kalasi belu likalira, ndipo ukameza chimene chimatsala nthawi yaitali ndi phulusa basi. Ardbeg wa zaka 10 ndi wodekha kuposa uyu, ndipo munthu amene sanalawepo wisiki wa utsi ndingamuyambitse ndi ameneyo. Ndikanakhala ndikuchonga mayeso ndikanapereka 7 pa 10, ndi ndemanga yofiira yakuti "ali ndi mphamvu, koma aphunzire kudikira".

Komabe ndimawalemekeza eni fakitaleyi polemba 5 poyera. Makampani ambiri akakhala ndi mowa wamng'ono amangochotsa nambala n'kuikapo dzina lokongola, wogula n'kumaganiza kuti wagula nkhalamba. Ife amene timadana ndi mwana wobera mayeso tiyenera kukondwa ndi botolo lonena zaka zake zenizeni.

Mnzanga uja anatsutsabe mpaka usiku, koma anapempha kuti ndimuthirirenso kawiri. Botolo ndalibisa kuseri kwa mabuku a Chemistry, kumene ndikudziwa kuti sangafikeko. Iwe mwana wa ku Glasgow, zikomo kwambiri. Ukamadzabweranso usadzavutike ndi wa zaka 18, ndalamazo udzawagulire mayi ako malata.