Aphungu athu, luso saphunzitsa ndi choko chokha

Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo aphungu asanavomereze bajeti amakhala m'makomiti kuunika ndalama za unduna uliwonse. Sabata ino ndikufuna tikambe za gawo lomwe silimveka kwenikweni pa nthawiyi: maphunziro a ntchito zamanja.

Kuno ku Mchinji tidawerengedwa anthu opitirira 600,000 pa kalembera wa 2018, ambiri mwa iwo achinyamata. Akalemba Fomu 4, ochepa kwambiri ndiwo amalowa ku yunivesite. Otsalawo timawaona pa Kamwendo, pa Mkanda ndi pa Kapiri akupalasa kabaza, ena akuyenda ndi sikelo kugula mtedza ndi soya, ena kuwoloka malire kukasaka maganyu ku Chipata.

Chikhalirecho ntchito ilipo. Chipata chatsopano cha Mwami chidatsegulidwa mu Disembala 2022, ndipo mathiraki odutsa pamenepo amafuna amakaniko. Zigayo, njinga zamoto, mapampu a sola ndi makina oyengera mafuta ophikira, zonsezi zimawonongeka ndipo zimafuna wokonza wodziwa.

Maziko tili nawo kale. Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunzirowa. Mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, kuyambira ku Ngara ku Karonga. Ife tili ndi koleji ya Kapondo, ndipo ya Namitete ili pamsewu wathu womwewu wopita ku Lilongwe.

Koma kumanga koleji n'kosavuta poyerekeza ndi kuiyendetsa. Mphunzitsi wa Chingerezi akhala ndi buku ndi choko, phunziro latheka. Wophunzira ukalipentala amadya matabwa, misomali ndi guluu tsiku lililonse. Wowotcherera amafuna zitsulo, ndodo zowotcherera ndi magetsi osazimazima. Womanga amafuna simenti, telala amafuna nsalu ndi ulusi. Zimenezi zimatha ndipo mitengo yake imakwera. Zikasowa, mwana amatuluka ndi satifiketi koma manja ake sadziwa kanthu, ndipo bwana womulemba ntchito amazindikira tsiku loyamba lomwelo.

Ndiye aphungu athu olemekezeka, tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, ndalama zogulira zipangizo zophunzitsira zilembedwe pazokha m'bajeti, koleji iliyonse ndi gawo lake, kuti zisamezedwe ndi maulendo ndi misonkhano. Chachiwiri, mufunse m'Nyumba ya Malamulo kuti mwa ndalama zomwe olemba ntchito amapereka zija, ndi zingati zimafika ku makoleji a m'maboma, ndipo yankholo tidzalimve. Chachitatu, mulimbikire malo ogona ophunzira, makamaka atsikana. Boma lathu ndi lalikulu. Mtsikana wa mudzi wakutali sangayende ulendo wotere tsiku ndi tsiku, ndipo makolo ambiri salola kuti akachite lendi yekha.

Wina anganene kuti ndalama n'zochepa, zipatala zikusowa mankhwala ndipo alimi akulira feteleza. Zoona. Koma mjigo ukafa chifukwa wokonza palibe, kapena sola ya pachipatala ikazima mpaka kudikira munthu wochokera ku Lilongwe, boma lomwelo limalipira zambiri. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za mafakitale, koma fakitale imayenda ndi amisiri.

Nafenso ovota tili ndi mbali yathu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Timapita kwa phungu kukapempha bokosi la maliro ndi yunifomu ya timu ya mpira, koma za koleji sitizitchula. Makalabu a achinyamata, ma ADC, mafumu ndi atsogoleri a mipingo alembe kalata imodzi yokhala ndi mfundo zitatuzi, aisayinire, akaipereke kwa phungu ndi kwa khansala bajeti isanawerengedwe. Ikadutsa, tidzamuitane phunguyo pabwalo atiuze zomwe adayankhula ndi ndalama zomwe zidaperekedwa.